Yacht yomwe inapendekeka pamtunda ku Mangochi mu 2024: zomwe tinapeza ndi momwe tinaisamutsira

Lipoti ili ndi la boti la matanga, la mtundu womwe eni ake amati yacht, lomwe linatulutsidwa m'madzi mu Novembala 2023 n'kuimikidwa pamchenga m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi. Pofika Malichi 2024 linali litapendekeka moti aliyense wodutsa ankaona kuti latsala pang'ono kugona. Ine ntchito yanga ndi yokonza ndi kusamala maboti, ndipo ndinaitanidwa zinthu zitafika kale pamenepo. Mwini boti ndi anthu amene analitulutsa m'madzi sindiwatchula. Chomwe ndalembera n'chakuti eni maboti ambiri m'mbali mwa nyanja yathu amati boti likangotuluka m'madzi ndiye kuti nkhawa zatha. Kwa bwato la msodzi, kapena boti la injini lapansi pophwatalala, mwina n'zoona. Kwa yacht si choncho.

Botilo ndi malo omwe linaima

Botili ndi la faiba (pulasitiki wolimba wosakaniza ndi ulusi wa galasi), lotalika pafupifupi mamita 9, lolemera pafupifupi matani 4. Pa kulemera kumeneku, tani imodzi ndi theka ndi chitsulo chokhala kunsi kwa boti chija timati keel, chomwe chimalendewera kupitirira mita imodzi pansi pa thupi la boti. Pamadzi, keel ndiyo imaletsa boti kugubuduka mphepo ikadzaza matanga. Pamtunda zinthu zimatembenuka. Thupi lonse limakhala m'mwamba, litaima pa chitsulo chopyapyala, ndipo pamwamba pake pamakhalanso mlongoti wa mamita oposa 11. Chinthu chotere sichingaime chokha ngakhale kwa mphindi imodzi.

Lamulo loimikira boti lotere ndi lachidule. Kulemera kwake kuzikhala pa keel, keel izikhala pa zipika zolimba, zipika zizikhala pa nthaka yosatitimira. Michirikizo ya m'mbali ntchito yake ndi yongoletsa boti kupendama, si yonyamula. Iziikidwa molunjika pomwe m'kati mwa boti muli zipupa zopingasa, chifukwa pamenepo ndi pomwe faiba ili ndi msana. Ndipo mchirikizo wa kumanja uzimangidwa ndi tcheni kwa mnzake wa kumanzere, tcheniyo itadutsa pansi pa boti, kuti wina asathe kutaguka.

Amene anatulutsa botili anali atamvako zina mwa izi. Keel anaikhazika pa zipika ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo. M'mbali anaika mitengo ya bulugamu, itatu mbali iliyonse, pamwamba pake kathabwa ndi weji, kamtengo kosongoka kokhomera kuti pathine. Kumbuyo anawonjezera madiramu awiri. Tcheni panalibe, ndipo mitengoyo inangozikika mumchenga popanda thabwa kunsi. Mlongoti anausiya chiimire, thanga lakutsogolo lili chikulungire pa waya wake. Pamwamba anafunda lona, zingwe zake n'kumangirira ku michirikizo yomweyo. Boti analiimika mopingasa, mbali imodzi kuyang'ana kunyanja, pansi pa mtengo wa mango kuti lipeze mthunzi.

Mu Novembala malowo ankaoneka abwino. Mchenga unali wouma, wolimba, ndipo madzi anali kutali, mapazi ambiri ndithu. Koma Novembala ndi Disembala ndi miyezi yomwe nyanja imakhala itaphwa kwambiri m'chaka. Ikayamba kudzadza imakwera mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, nthawi zambiri ndi mita imodzi kapena kucheperapo. Mita imodzi imamveka yochepa, koma pagombe lotsetsereka pang'onopang'ono, loti pa mamita 30 aliwonse nthaka imangokwera ndi mita imodzi, ndiye kuti madzi alowa kumtunda mamita 30.

Chaka cha 2024 chinasokonezanso anthu mwanjira ina. Kuchigawo cha kummwera kunali ng'amba ya El Niño, moti mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mwini boti anali kunja kwa dziko, ankawerenga za chilala, n'kumati ndiye kuti boti lake lili pouma. Koma madzi a nyanja ya Malawi sachokera ku mvula ya ku Mangochi yokha. Ambiri amabwera ndi mvula yogwa panyanja penipeni komanso mitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania, monga Ruhuhu, Songwe ndi South Rukuru, ndipo kumeneko mvula inagwa yambiri. Potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, womwenso umayendetsedwa ndi zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Chaka chimenecho nyanja inapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo malo ambiri ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima analowa madzi pomwe minda ya chimanga kuseri kwake inali kupserera.

Zomwe tinapeza

Tsiku lomwe tinafika, mafunde anali asanakhudze boti. Anali akuthera mapazi ochepa kuchokera pa michirikizo ya mbali ya kunyanja. Pamwamba mchenga unkaonekabe wouma, koma nditakumba ndi dzanja pafupi ndi chipika, ndisanafike m'chigongono, dzenjelo linadzadza madzi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amanamizika. Nyanja ikamakwera, madzi a pansi pa nthaka amakwera nayo limodzi, ndipo amafika pansi pa boti mafunde asanafike. Amisiri a zomangamanga amadziwa kuti mchenga ukalowa madzi, mphamvu yake yonyamula katundu imatsika mpaka pafupifupi theka. Tsono chipika chilichonse chinali cha masentimita 30 mbali zonse. Matani 4 pa zipika ziwiri zotero ndiye kuti sikweya mita imodzi ikusenza matani oposa 20. Mchenga wonyowa sungapirire zimenezo.

Chipika cha kumbuyo chinali chitatitimira mpaka theka. Cha kutsogolo chinkaoneka chabwino, koma nditachibaya ndi sikuludiraiva inangolowa ngati mulibe kanthu. Unali mtengo wa malaina, ndipo chiswe chinali chitaudya m'kati monse n'kusiya chikopa chokha. Zinali monga zimachitira nkhokwe yomwe miyendo yake yadyedwa, imaoneka yoima bwinobwino mpaka tsiku lomwe yakhala pansi ndi chimanga chake.

Keel itatsika chonchi, kulemera kwa boti kunasamukira pa michirikizo, yomwe siinaikidwire ntchito imeneyo. Ya mbali ya kunyanja, komwe mchenga unali wonyowa kwambiri, inayamba kumira, boti n'kumaitsatira. Umodzi mwa iyo sunali pa chipupa cha m'kati, ndipo unabonyola faiba moti dzanja linkalowa m'chibonyocho. Utoto wolimba wa kunja unali utang'ambika tim'ng'alu tozungulira pamenepo.

Mbali ya kumtunda ndi yomwe inandidabwitsa. Boti likamapendekera kunyanja, michirikizo ya kumtunda imayenera kumasuka, koma iyi inali yothina zedi, maweji atatu atatu pa mtengo umodzi. Ndinafunsa a mlonda, bambo wachikulire amene wakhala pamalopo zaka zambiri.

"Madala, maweji awa akukhoma ndani?"

"Ndine, achimwene. M'mawa uliwonse ndimagwedeza mitengoyi. Ndikapeza wina ukugwedera ndimakhoma weji, kuopa kuti boti la abwana lingagwe."

Sindinawadzudzule, chifukwa palibe anawauza china, ndipo pa anthu onse okhudzidwa ndi iwo okha amene ankaliyang'ana botilo tsiku ndi tsiku. Koma weji aliyense amene ankakhoma ankakankhira boti komwe linkagwera kale. Mchirikizo ukamasuka, usanauthinitse uyambe wafunsa chomwe chaumasula. Kawirikawiri yankho lake limakhala mbali inayo, kapena pansi pa keel.

M'kati munali madzi. Pokhalira wowongolera pali mabowo awiri otulutsira madzi a mvula, ndipo onse anali atatsekeka ndi masamba a mango. Choncho madziwo anasefukira m'chipinda n'kukadzadza pansi. Masamu ake ndi osavuta: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Malo a masikweya mita 5 akalandira mvula ya mamilimita 100, ndiye malita 500, theka la tani. Ngakhale m'chaka cha ng'amba, mvula zamkuntho zingapo zimakwanitsa zimenezo. Choipa kwambiri n'chakuti madzi amathamangira mbali yomwe boti lapendekera, n'kumawonjezera kulemera komweko.

Lona nayo inali itachita mbali yake. Mphepo ikaikupiza, zingwe zake zinkakoka michirikizo uku ndi uku, mchenga n'kumalekana pozungulira mitengoyo.

Kusankha chochita

Njira zinalipo zitatu. Mwini boti pafoni ankafuna tingodikira kuti nyanja ifike, botilo liyandame lokha. Ndinakana. Yacht ngati iyi imafuna madzi akuya mita imodzi ndi theka kuti iyandame, ndipo madzi asanafike pamenepo mafunde akanakhala atakokolola kale mchenga wonse pansi pa michirikizo. Komanso mwera unali pafupi. Mphepo imeneyi imayamba cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, ndipo pagombe limenelo palibe pobisala. Boti lobonyoka, la injini yoti siinalizidwe miyezi ingapo, silikanatha kukhala pa nangula nthawi ya mwera.

Njira yachiwiri inali ya kireni. Kunyanja kuno kulibe makina onyamulira ma yacht ndi malamba monga a m'madoko a ku Durban kapena Cape Town. Ku Monkey Bay kuli doko loyandama lokwezera sitima zazikulu monga Ilala, koma boti lathu linali kale pamtunda, kutali ndi kumeneko. Kireni yochokera ku Blantyre inali yodula, ndiponso galimoto yolemera chotero ikanatitimira mumchenga womwewo isanafike n'komwe pa boti.

Tinasankha yachitatu: kulimangira chikhazikiro chachitsulo pomwe linali, n'kulikokera kumtunda pa mapaipi.

Momwe tinagwirira

Choyamba chinali kuletsa kuti lisapitirire kugwa, ndipo ndinauza anyamata onse kuti pasapezeke munthu wogwada kapena kugona mbali ya kunyanja mpaka nditanena. Kumtunda tinakumba maenje awiri akuya, n'kukwiriramo zipika zopingasa zomangidwa tcheni. Kuchokera pamenepo tinadutsitsa malamba okoka ndi chogwirira cha mano mpaka pa zitsulo zomwe mawaya a mlongoti amamangidwapo, chifukwa pa boti lonse pamenepo ndi pomwe anapangira kuti pazikokedwa mwamphamvu. Zitsulo za mpanda wa m'mbali mwa boti sizigwira ntchito imeneyi, zimangozuka. Malamba atagwira, tinayala matabwa okhuthala mbali ya kunyanja n'kuimikapo michirikizo yatsopano, kenako tinachotsa lona ndi maweji owonjezera aja.

Pamenepo m'pomwe munthu mmodzi, wopepukitsitsa mwa ife, anakwera ndi paipi ya pampu. Pampuyo inatsala pansi. Madzi atatha tinatsitsa mabatire, nangula ndi tcheni chake, silinda ya gasi ndi matanga. Thanga lakutsogolo lija linali litayamba kale kumasuka pamwamba. Likanafunyululuka usiku wina wa mphepo, nkhani ikanathera pomwepo.

Kuwongola boti kunatenga nthawi kuposa china chilichonse, ndipo ndi ntchito yosafuna munthu wa phuma. Tinaika majeke awiri a galimoto zazikulu pansi pa keel, pa mbale zachitsulo zokhala pa matabwa. Tikakweza pang'ono, mwina sentimita imodzi, tinkalowetsa thabwa, n'kukoka malamba a kumtunda dzino limodzi, n'kuthinitsa michirikizo ya kunyanja, n'kuimanso kuyang'ana. Jeke sitiikhulupirira yokha, chilichonse chomwe yakweza chimayenera kupeza pokhala nthawi yomweyo. Kumbuyo kwa boti tinapachika chingwe chokhala ndi nati kumapeto, ndipo munthu mmodzi ntchito yake inali yongoyang'ana chingwecho n'kumanena ngati boti likubwerera kapena likupitirira.

Litaima mowongoka tinatsitsa mlongoti pogwiritsa ntchito mapaipi awiri ataliatali omangidwa pamwamba ngati phaso, ndi tchenibuloko. Pa mlongoti pamakhala mkangano nthawi zonse, chifukwa eni maboti amadana ndi ntchito yomasula mawaya ndi kudzawatcheranso. Maganizo anga ndi akuti boti lokhala pamtunda kupitirira nyengo imodzi, mlongoti utsike. Mphamvu ya mphepo sikwera mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi, ndipo mlongoti umatenga kukankhako pamwamba penipeni n'kumagwedeza boti lonse mpaka maweji amasuke okha. Mu Seputembala 2004 namondwe wa Ivan atagunda chilumba cha Grenada, ma yacht ambirimbiri omwe anali pamtunda anagwetsana mondondozana, ndipo kuchokera nthawi imeneyo malo osungira maboti kumeneko anayamba kulimbikira zikhazikiro zachitsulo, malamba omangirira pansi, ngakhale maenje olowetsamo keel. Ife kuno anamondwe otero safika ndi mphamvu zonse, koma mkuntho wa mpoto nthawi ya dzinja umasasula madenga, ndipo mlongoti wa aluminiyamu woima wokha pagombe umaitananso mphenzi.

Chikhazikiro tinachipanga ndi zitsulo zokhuthala za mtundu wa channel: ziwiri zazitali pansi, zopingasa zitatu, ndi mikono isanu ndi umodzi yokhala ndi ulusi wopotera. Kuwotcherera konse kunachitikira kutali, pafupi ndi boti tinkangomanga ndi mabawuti, popeza faiba ndi moto siziyanjana. Malo a mkono uliwonse tinawapeza pogogoda thupi la boti ndi chibakera. Pa chipupa cha m'kati pamamveka mogontha, pakati pa zipupa pamalira ngati ng'oma.

Kukoka kunali kosavuta poyerekeza ndi zonsezi. Matabwa pansi, mapaipi achitsulo pamwamba pa matabwa, chikhazikiro pamwamba pa mapaipi, tchenibuloko kutsogolo. Paipi ikatuluka kumbuyo, anyamata ankathamanga nayo kutsogolo. Panali thirakitala yomwe anatibwereka, koma sitinaigwiritse ntchito chifukwa imakoka modzidzimutsa. Kumbuyo kunali tcheni china chogwira kuti chikhazikiro chisabwerere.

Malo atsopano

Posankha malo sindinayang'ane pomwe madzi a 2024 anafika. Ndinafunsa akuluakulu a m'mudzimo kuti andisonyeze pomwe anafika mu 1980, chaka chomwe nyanja inakwera mpaka cha m'mamita 477, ndipo tinapitirira pamenepo. Tinapeza nthaka ya katondo kuseri kwa nyumba, kutali ndi mitengo ndi madenga a udzu. Tinachotsa dothi la pamwamba, n'kuthira miyala ya kwale, n'kutsendera, kenako mizere iwiri ya konkire pomwe zitsulo zazitali zikhale. M'makona anayi tinamiza mphete zachitsulo mu konkire zomangirako malamba.

Pansi pa keel tinaika zipika za tsanya zakale zomwe zinatsala pa nyumba ina yogumulidwa. Tsanya chiswe sichiulimba mtima, komabe zipikazo zakhala pa chitsulo, sizikhudza dothi. Ena anati tizipake oilo wakutha monga achitira ndi mitengo ya mpanda. Pafupi ndi nyanja yomwe anthu amamwa ndi kuphamo nsomba, ine sindilola.

Mphuno ya boti tinailozetsa kummwera chakuvuma komwe mwera umachokera, ndipo tinaikweza pang'ono, levulo ili m'manja, kuti madzi a mvula azithamangira kumbuyo komwe kuli mabowo. Pamabowopo tinaika tisefa ta waya. Pansi penipeni pa boti, pambali pa keel, tinaboola n'kuika bawuti yotsekera ya mkuwa, yomwe imakhala yotsegula boti likakhala pamtunda kuti madzi alionse olowa azituluka okha. Bawutiyo tinaimangirira ku chiwongolero ndi kansalu kofiira, kuti tsiku lobwezera boti m'madzi pasadzapezeke woiwala. Lona yatsopano yakhala pa mlongoti womwe tinaugoneka pamwamba pa boti, zingwe zake zadutsa pansi pa thupi la boti n'kumangana zokhazokha, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo n'kotsegula kuti mpweya uziyenda. Boti lotsekedwa ndithithi pa kutentha kwa ku Mangochi limachita nkhungu mpaka m'matiresi.

Za injini sizinali zachilendo. Tinasintha oilo ndi sefa, tinadzaza thanki ya dizilo kuti m'kati musachite thukuta, tinachotsa kampira kopopa madzi ozizitsira injini kuti kasaumire mbali imodzi. Mabatire ali m'nyumba pa solar yaing'ono, chifukwa pamalo otentha amatha moto msanga ngakhale osagwira ntchito. Paipi ya utsi ndi mabowo ena a m'mbali tinatseka ndi sefa ya udzudzu, popeza mavu omanga ndi dothi amakonda m'menemo, ndipo dothi lawo likauma limatseka njira ya madzi. Makoswe anali atayamba kale mawaya a pansi pa tebulo, choncho makwerero sakhalanso chitsamire pa boti. Pozungulira tinalambula udzu mamita angapo chifukwa cha moto wa tchire wa m'chilimwe.

Titatsuka kunsi tinapezanso timatuza pa faiba, tomwe tikatiboola timatuluka madzi onunkha ngati viniga. Anthu amaganiza kuti vutoli ndi la m'nyanja zamchere, koma madzi opanda mchere, makamaka ofunda ngati athuwa, ndiwo amalowa msanga mu faiba. Tinatitsegula tonse, tikumatsuka ndi madzi oyera nthawi ndi nthawi, kuti tiume tisanamatidwe ndi guluu wolimba wa epoxy. Chibonyo chija chinabwerera chokha pang'onopang'ono kulemera kutachoka, koma titapala tinapeza kuti faiba inalekana m'kati pamalo aakulu ngati chikhatho. Pamenepo tinadula n'kumanganso kuchokera m'kati ndi kunja komwe.

A mlonda aja ndi omwe akuyang'anirabe. Chingwe cha nati chija tinachisiya chipachikire kumbuyo, ndipo pa konkire pansi pake tinajambula mtanda ndi penti. Sabata iliyonse, komanso kukagwa mvula yamphamvu kapena kukaomba mkuntho, amajambula natiyo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa ine ndi kwa mwini boti. Amachotsa masamba pa tisefa, amayang'ana njira za chiswe pa zitsulo, amagwira malamba ngati ali othina. Sipanala yopotera mikono ya chikhazikiro ili ndi ine. Tinagwirizana kuti mkono ukamasuka aziimba foni, asapote.

Botilo linadutsa mwera wa 2024 ndi dzinja lotsatira nati ili pa mtanda. Malamba ndiwo tinasintha, chifukwa dzuwa linawafooketsa msanga kuposa momwe mwini boti ankayembekezera, ndipo atsopanowa tawaveka mapaipi akale a pulasitiki pomwe dzuwa limawomba. Zatsala zoti zichitike lisanabwerere m'madzi: kuyesa mabawuti a keel, popeza inakhala nthawi itasenza boti mopendekeka, kusintha mapaipi a mabowo a pansi omwe auma, ndi kumanga kanjira ka konkire kotsikira kunyanja, komwe mwini boti sanavomerebe mtengo wake.